Oyilo wolemera si ndiye wabwino: werengani chigubu musanathire mu injini

Sabata ino tayamba tasiya mitengo ya nandolo, chimanga ndi tomato kuti tiyankhe funso lochokera pa Chitakale. Mayi wina wochita geni ya zinanazi, nthochi ndi mapeyala ali ndi galimoto ya Probox imene amanyamulira katundu kupita ku Limbe kudzera msewu wa Midima. Tsiku la sevisi litakwana, adapita pasitolo ya masipeya atalemba pakapepala nambala imene adauzidwa pogula galimotoyo, 5W-30. Mnyamata wogulitsa adangoseka.

"Amayi, oyilo ameneyo ndi wa kumaiko ozizira. Kwathu kuno n'kotentha, tengani 20W-50. Ndi wolemera, sapsa msanga, mtengo wakenso ndi wabwinoko."

"Nanga akandiphera injini, achimwene, mudzandigulira ina?"

"Aliyense pasiteji pano akuthira yemweyu, amayi."

Mayiwo adagula ndipo makaniko adathira, koma mtima sudakhale m'malo. Akufuna kudziwa ngati kuthira oyilo wosiyana ndi amene buku la galimoto likunena kumaononga injini, kapena ndi nkhambakamwa chabe za opanga galimoto.

Funsoli si la mayiwa okha. Likukhudza wakabaza wa pa Limbuli, mwini minibasi yoyenda pakati pa Muloza ndi Limbe, mwini chigayo ku Nkando, ngakhalenso mnyamata wa shopu yometera amene amadalira jenereta magetsi akazima. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo, ndipo oyilo ali m'gulu lomwelo. N'chifukwa chake ambiri akafika pasitolo amayamba afunsa mtengo, za nambala pambuyo.

Yankho lachidule ndi ili. Kuthira kamodzi oyilo wolemererapo kapena wopepukirapo sikupha injini tsiku lomwelo. Koma kuzolowera oyilo amene injini yanu sidapangidwire kumadya mpamba pang'onopang'ono, ndipo pali zolakwa zingapo zimene zimaononga makina m'masiku ochepa okha. Tiyeni tizisiyanitse.

Manambala a pachigubu akunena chiyani

Mu injini muli zitsulo zimene zimazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Oyilo amalowa pakati pake n'kupanga kachikopa kopyapyala kuti chitsulo chisakhudzane ndi chinzake. Amanyamulanso kutentha kuchoka pa mapisitoni, amatsuka mwaye n'kuupititsa ku fyuluta, ndiponso amateteza dzimbiri. Kuti agwire ntchito zonsezi ayenera kufika paliponse msanga, komanso asasanduke madzimadzi injini ikatentha.

Ogulitsa mafuta ophikira amadziwa kuti m'mwezi wa Juni mafuta ena amagwirana m'botolo, pamene mu Okutobala amayenda ngati madzi. Oyilo wa injini amachitanso chimodzimodzi: akazizira amalemera, akatentha amapepuka. Manambala a pachigubu amanena za khalidwe limeneli, ndipo muyezo wake udakhazikitsidwa ndi bungwe la akatswiri a za galimoto la ku America lotchedwa SAE.

Titenge 5W-30. Nambala yoyamba, ya chilembo W, imanena momwe oyilo amayendera injini ikadali yozizira. W akuimira mawu a Chingerezi akuti winter, kutanthauza nyengo yozizira. Nambalayi ikakhala yaing'ono, oyilo amathamanga msanga mukangoliza injini m'mawa. Wa 20W amayesedwa pa madigiri 15 pansi pa ziro, wa 15W pa 20, wa 10W pa 25, wa 5W pa 30 ndipo wa 0W pa madigiri 35 pansi pa ziro.

Nambala yachiwiri imanena kulemera kwa oyilo atatentha kufika madigiri 100, pafupi ndi pamene amakhala injini ikamagwira ntchito. Pa muyezo wa akatswiriwo, oyilo wa 20 amakhala pansi pa 9.3, wa 30 amakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5, wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3, pamene wa 50 ali pakati pa 16.3 ndi 21.9. Choncho injini ikatentha, 20W-50 amalemera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi 0W-20. Ikadali yozizira kusiyanako kumaposa katatu.

Chofunika kugwira apa n'chakuti manambalawa sakunena za ubwino wa oyilo. Wa 50 saposa wa 30 monga momwe thumba la makilogalamu 50 limaposera la 30. Ali ngati saizi ya nsapato: yaikulu si yabwino kuposa yaing'ono, yabwino ndi yokukwanani.

Kodi si zoona kuti kuno n'kotentha?

Mnyamata wa pasitolo uja sadaname zonse. N'zoona kuti m'misika ya ku Mulanje simugwa chisanu choumitsa madzi, ngakhale chiperoni chitavuta bwanji mu Juni ndi Julayi. Choncho palibe galimoto imene ingakanike kulira pa Boma chifukwa oyilo wauma. Pamenepa nambala ya W siyotipanikiza ngati anzathu a kumaiko ozizira.

Chimene adaiwala n'chakuti injini ya galimoto imaziziritsidwa ndi madzi a mu radiyeta, ndipo ikatentha imakhala pa madigiri pafupifupi 90 kaya ili ku Tokyo kaya ili ku Luchenza. Dzuwa la Okutobala limaonjezera pang'ono chabe pa kutentha kumene injini imadzipangira yokha. Opanga galimoto amaziwerengera kale zimenezi, n'chifukwa chake mabuku ambiri amakhala ndi tchati chosonyeza oyilo awiri, atatu kapena anayi amene mungasankhe malinga ndi nyengo. Oyilo aliyense amene ali patchaticho ndi wololedwa. Amene palibe, ndiye kuti mukuyesera ndi mpamba wanu.

Chinanso, zitsulo za injini zimadyeka kwambiri pa nthawi yoiliza, oyilo asanakwere pamwamba. Wamalonda amene amadzuka 4 koloko m'mawa, n'kumaima Chitakale, Chisitu, Nkando, kuzimitsa ndi kuliza, amadutsa nthawi imeneyi kangapo patsiku. Oyilo wolemera kwambiri amachedwa kufika kumene akufunika.

Probox, Sienta ndi anzawo

Galimoto zambiri zing'onozing'ono zimene zikunyamula anthu ndi katundu m'boma lino ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Probox ndi Sienta zambiri zili ndi injini ya 1NZ-FE, imene imalowa malita 3.7 a oyilo mukasinthanso fyuluta. Buku lake la ku Japan limaika patsogolo 0W-20 ndipo limalolanso 5W-30 ndi 10W-30. Kwa ife amene timadzaza katundu mpaka kudenga n'kumakwera zitunda, 5W-30 kapena 10W-30 ndi chisankho chanzeru chimene chili m'malire a buku.

Injini zoterezi zili ndi mipata yaing'ono pakati pa zitsulo komanso tinjira ta oyilo topapatiza. Pachivundikiro chake pamalembedwa VVT-i. Kameneka ndi kachipangizo kosintha nthawi yotsegukira mavavu, ndipo kamakankhidwa ndi oyilo yemweyo podzera m'kasefa kakang'ono kwambiri. Oyilo akalemera mopitirira kapena akada, kachipangizoka kakhoza kumachedwa, galimoto n'kumalira gwedegwede m'mawa, kuyatsa nyali ya injini padashibodi ndi kumwa petulo wochulukirapo. Pa ulendo umodzi simungaone kusiyana. Pakutha pa chaka thumba limadziwa. Galimoto za hybrid monga Aqua ndiye zimafuna oyilo wopepuka kwambiri chifukwa injini yake imazima ndi kulira yokha kambirimbiri paulendo.

Mwina mukuti buku lidabwera m'Chijapanizi. Musalitaye. Manambala ndi zilembo monga 5W-30 kapena SN amalembedwa chimodzimodzi m'chilankhulo chilichonse, ndipo mukatsegula masamba akumapeto mudzawaona. Galimoto zina zimalembanso pachitsekero chothirira oyilo kapena pakapepala komatidwa pansi pa boneti.

Kwa mayi a pa Chitakale, malangizo ndi akuti musachite mantha. 20W-50 amene mwathirayo saphulitsa injini mawa. M'mawa muziipatsa mphindi imodzi kapena ziwiri musananyamuke, makilomita oyamba muziyenda modekha, ndipo pa sevisi ikubwerayi mubwerere ku 5W-30 kapena 10W-30 pamodzi ndi fyuluta yatsopano. Mukamva phokoso lachilendo kapena nyali ikayaka, musadikire tsiku la sevisi.

Nanga injini ikakalamba?

Apa ndi pamene amakaniko ali ndi mfundo. Injini imene yayenda makilomita ochuluka imakhala ndi maring'i ndi mabering'i odyeka, mipata imakula, ndipo oyilo wopepuka amadutsa n'kumapsa pamodzi ndi petulo. Mudzaona utsi wabuluu kumbuyo, ndipo oyilo amatsika msanga pa kachitsulo koyezera. Pamenepa kukwera sitepe imodzi, kuchoka pa 30 kupita pa 40, kumachepetsa kumwa oyilo ndi phokoso. Galimoto zakale zenizeni, za kabuleta, zambiri zidapangidwira 15W-40 kapena 20W-50, ndipo kuzithira 0W-20 n'kulakwitsanso mbali inayo.

Koma dziwani kuti oyilo wolemera sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Amangobisa matenda monga momwe mankhwala opha ululu amachitira ndi dzino lobooka. Ngati mwakwera sitepe imodzi koma utsi sukuleka, yambani kusunga ndalama ya maring'i. Ndi yochepa kusiyana ndi ya injini imene yanoka. Ogula galimoto kwa anzawo achenjerenso apa, chifukwa ogulitsa ena amathira oyilo wolemera kwambiri kuti injini yotopa imveke bwino tsiku loionetsa.

Dizilo ali ndi zake: minibasi, malole ndi zigayo

Kupatula manambala, pachigubu pamakhala zilembo zoyamba ndi API. Zilembozi ndizo zimanena mtundu wa mankhwala amene asakanizidwa mu oyilo. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita patsogolo, ndiye kuti oyiloyo ndi wamakono: SL adabwera mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010 ndipo SP mu 2020. Kumbali ya dizilo, CH-4 ndi wa 1998, CI-4 wa 2002 ndipo CJ-4 wa 2006. M'galimoto za petulo wamakono amalowa m'malo mwa wakale, koma wakale sangalowe m'malo mwa wamakono. Mukaona chigubu cholembedwa SA kapena SB, chisiyeni pashelefu pomwepo, chifukwa ndi muyezo wa injini za makedzana.

Injini ya dizilo imatulutsa mwaye wambiri, ndipo oyilo wake amakhala ndi mankhwala ochuluka ogwira mwayewo kuti usaundane komanso othana ndi asidi. Mukathira oyilo wa petulo yekha mu minibasi ya dizilo, ngakhale nambala itafanana, matope akuda amayamba kudzaza mkati ndipo maring'i amamatirira. Minibasi zakale, malole ndi mapikapu ambiri a dizilo amayenda bwino ndi 15W-40 wa CH-4 kapena CI-4. Zigubu zina zimalemba mbali zonse ziwiri, monga CI-4/SL, kusonyeza kuti oyiloyo akhoza kulowa kuwiri konse ngati nambala ikugwirizana ndi buku. Koma minibasi zatsopanoko za ku Japan zimene zili ndi sefa ya utsi ku ekizozi zimafuna oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1. Oyilo wamba wa dizilo amatseka sefayo, ndipo mtengo wake ndi wolizitsa.

Eni zigayo za dizilo, injini yanu imagwira ntchito maola ambiri pamalo amodzi, mkati mwa fumbi la ufa ndi gaga. Simuwerenga makilomita, mumawerenga maola. Khalani ndi kope lolembamo maola amene chigayo chalira, ndipo tsatirani kachitsulo kolembedwa kamene kali pa injinipo kapena buku lake. Sefa ya mpweya ikatsekeka kapena ikabooka, ngakhale oyilo wodula chotani sangapulumutse injiniyo.

Akabaza, oyilo wa galimoto si wanu

Njinga yamoto ndiyo imavulala msanga ndi oyilo wolakwika. Njinga zambiri za kabaza zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo lita yomweyo imasamalira injini, magiya ndi kilachi nthawi imodzi. Injini yake imaziziritsidwa ndi mphepo, choncho mukakweza matumba awiri a chimanga pa chitunda masana, oyilo amatentha kwambiri kuposa wa m'galimoto. N'chifukwa chake mabuku ambiri a njinga zimenezi amalemba 20W-50, 20W-40 kapena 10W-40. Apa ndiye pamalo pake penipeni pa oyilo wolemera.

Koma nambala yokha sikwanira. Kilachi ya njinga imasambira mu oyilo, ndipo kuti igwire imafuna oyilo wosaterera mopitirira. Oyilo wamakono wa galimoto, makamaka wolembedwa "Energy Conserving" kapena "Resource Conserving", ali ndi mankhwala oonjezera kuterera kuti galimoto isamwe mafuta ambiri. Mu njinga mankhwala amenewa amachititsa kuti kilachi iziterereka. Injini imalira kwambiri koma njinga osathamanga, pachitunda imafooka, ndipo mapuleti a kilachi amapsa. Yang'anani botolo lolembedwa 4T ndi JASO MA kapena MA2. Umenewu ndi muyezo wa ku Japan umene udayamba mu 1998 pofuna kuthana ndi vuto lomweli. Lolembedwa JASO MB ndi la njinga zopanda magiya osintha ndi phazi, osati za kabaza.

Njinga zambiri zing'onozing'ono zilibe fyuluta yapepala ngati ya galimoto, zili ndi kasefa kawaya chabe. Choncho oyilo wake amada msanga ndipo amafunika kusinthidwa pafupipafupi. Wakabaza amene amayenda m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi tsiku lonse asadikire kuti oyilo achite kusanduka phula. Muziyeza m'mawa uliwonse njinga itaima chilili pamalo osapendekeka.

2T, 4T ndi oyilo wa magiya

Tijenereta ting'onoting'ono tambiri ta m'mashopu, pamodzi ndi makina ochekera matabwa, tili ndi injini zosakaniza oyilo ndi petulo. Oyilo wake ndi wa 2T, amene adapangidwa kuti azipsa pamodzi ndi petuloyo. Tijenereta tambiri timalemba 50:1 pathanki, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, koma onani zimene zalembedwa pa yanu. Mukasakaniza oyilo wa galimoto, pulagi imada, ekizozi imatsekeka ndi mwaye. Mukathira 2T m'njinga kapena jenereta ya 4T, sateteza zitsulo mokwanira. Jenereta za petulo zokulirapo zimene zili ndi pothirira oyilo pakepake zambiri zimafuna 10W-30, ndipo zing'onozing'ono zimalowa pang'ono kupitirira theka la lita.

Palinso zigubu zolembedwa 80W-90 kapena 85W-140, za GL-4 kapena GL-5. Ameneyu ndi oyilo wa giyabokosi ndi difu, manambala ake amayezedwa pa muyezo wina, ndipo mankhwala ake si a mu injini. Chimodzimodzi ATF ndi oyilo wa CVT, amene ndi a giyabokosi ya otomatiki. Sienta zambiri zili ndi CVT, ndipo giyabokosi imeneyi siikhululuka mukaithira oyilo wina aliyense.

Mukathedwa nzeru panjira

Tinene kuti nyali yofiira ya oyilo yayaka muli pakati pa Thuchila ndi Nkando, galimoto yadzaza zinanazi. Imani pomwepo, zimitsani injini. Kuyenda makilomita awiri okha oyilo asakuzungulira kukhoza kunoketsa injini. Dikirani mphindi zisanu, solorani kachitsulo koyezera, kapukuteni, kabwezeni, muonenso. Ngati oyilo ali pansi pa mzere wam'munsi, thirani oyilo aliyense wa injini, wosindikizidwa bwino, amene mungamupeze pafupi. Kusakaniza 15W-40 ndi 5W-30, kapena synthetic ndi wamba, sikuononga injini paulendo umodzi. Oyilo wa nambala ina ndi wabwino kuposa injini youma. Mukafika, sinthani yense. Koma ngati oyilo ali wokwanira ndipo nyali ikuyakabe, musaiyendetse, itanani makaniko.

Musapyoze mzere wapamwamba poganiza kuti mukuisungira ya mawa. Oyilo akachuluka amachita thovu ndipo amaphulitsa masilo.

Boma lathu ndi la mvula yambiri, ndipo amene adaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa momwe Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula zimachitira zikakwiya. Galimoto kapena njinga ikadutsa m'madzi akuya, yezani oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa. Musailize mpaka atasinthidwa.

Oyilo wa m'mabotolo a zakumwa

Choopsa kuposa nambala yolakwika ndi oyilo wopanda nambala. M'misika yambiri mumapezeka oyilo woyezedwa m'mabotolo a zakumwa kapena m'timapepala tapulasitiki. Wina amakhala wabwinobwino, wochokera mumgolo wa kampani, koma wogula alibe njira yodziwira. Wina amakhala wotha ntchito amene wangosefedwa pansalu. Kumugwira ndi zala kuti muone kulemera sikukuuzani kanthu, chifukwa mankhwala oteteza injini saoneka ndi maso, ndipo oyilo wotha ntchito amathanso kunanda bwinobwino.

Ngati ndalama ikuchepa, gwirizanani awiri kapena atatu mugule chigubu chosindikizidwa cha malita 5 mugawane. Onani kuti chitsekero sichidatsegulidwepo, zolemba sizikufufutika ndi chala, ndipo pali nambala ya gulu ndi tsiku limene adapangidwa. Katundu wina amalowa kuchokera ku Milange kudzera pa Muloza atalembedwa m'Chipwitikizi. Zimenezo zisakusokonezeni: SAE, API ndi JASO zimalembedwa chimodzimodzi, gasolina ndi petulo, gasóleo ndi dizilo, ndipo 2 tempos ndi 4 tempos ndiye 2T ndi 4T. Pemphani lisiti nthawi zonse. Mukagulitsidwa katundu wachinyengo, bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS ndi bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC ndiwo malo okadandaula, ndipo lisiti ndi chigubu ndiwo umboni wanu.

Kwa inu ogulitsa oyilo

Kasitomala amene mwamugulitsa oyilo wolakwika sabwera kudzakutsutsani ndi manambala. Amangosiya kubwera, n'kuuza siteji yonse kuti oyilo wa pasitolo panu ndi wabodza, ngakhale adali weniweni. Choncho musanatsitse chigubu pashelefu funsani mafunso atatu: ndi makina anji, ndi a petulo kapena dizilo, ndipo buku kapena chitsekero chikuti chiyani.

Pooda katundu simufunika mitundu khumi. Mitundu isanu ikukwanirani makasitomala ambiri a m'boma lino: 5W-30 kapena 10W-30 wa galimoto zing'onozing'ono za ku Japan, 15W-40 wa dizilo, 20W-50 wa galimoto zakale, 4T wa JASO MA wa akabaza, ndi 2T wa tijenereta. Amene amayenda msanga ndi wa akabaza, choncho mpamba wochuluka ulowe kumeneko, pamene wa galimoto zing'onozing'ono muziyamba ndi zigubu zochepa mpaka mutadziwa makasitomala anu.

Sungani zigubu pamthunzi, pamalo osadontha. Mgolo ukakhala panja choimirira, madzi a mvula amadikha pamwamba n'kulowa pachitsekero pang'onopang'ono, choncho ugonekeni kapena uvundikireni. Ngati mumayeza wa mumgolo, kasitomala aziona mgolowo ndi zolemba zake, ndipo mtundu uliwonse ukhale ndi fanulo ndi muyezo wakewake. Musayezere m'mabotolo a zakumwa kapena a mafuta ophikira, chifukwa ana amatola n'kumwa.

Oyilo wakuda wotha ntchito musataye m'ngalande kapena mumtsinje. Madzi a Likhubula amamwedwa mpaka ku Blantyre, ndipo kunsi kwa mitsinje yathu kuli madimba a anzathu omwe timaoda nawo ndiwo zamasamba. Musungeni m'chigubu chotseka. Asapakidwe pakhungu la munthu kapena pachilonda cha chiweto, chifukwa ali ndi poizoni amene akakhudza khungu kawirikawiri akhoza kuyambitsa matenda aakulu.

Tiwerengere limodzi

Wamalonda amakhulupirira masamu, ndiye tiyeni tiwerenge. Kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbe n'kubwerako ndi makilomita opitirira pang'ono 120. Ngati mumasintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, monga ambiri amachitira chifukwa cha fumbi ndi katundu wolemera, ndiye kuti chigubu chimodzi chimakuyendetsani maulendo pafupifupi 40. Tingoyerekeza kuti oyilo woyenera akuposa winayo ndi K20,000. Mukagawa ndi maulendo 40, ndi K500 paulendo. Ikani K500 imeneyo mbali imodzi. Mbali inayo ikani mtengo wokokera galimoto kuchoka pa Midima, zinanazi zoolera panjira, ntchito ya makaniko, masipeya oitanitsa ku Limbe, ndi masabata amene makasitomala anu azikagula kwa wina. Tengani mitengo ya lero ya pasitolo panu muwerengere nokha, mudzaona mbali imene ikulemera.

Lero lomwe, pezani nambala ndi zilembo za oyilo wa makina anu, muzilembe pachikuto cha kope la malonda pamodzi ndi tsiku ndi makilomita a sevisi yomaliza. Mukatuma dalaivala kapena mnyamata wa njinga kukagula, abwere ndi chigubu chopanda kanthu ndi lisiti. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndiye pasitolo musachite manyazi kutembenuza chigubu n'kuwerenga kumbuyo musanatulutse ndalama.

Sabata yamawa tibwereranso ku mitengo ya mbewu m'misika ya Limbuli, Chitakale ndi Nkando. Malonda abwino nonse.